Kahotelo ka m'Mbali mwa Sumida

Hotelo zikuluzikulu za mu Tokyo anazimanga kuti mlendo asasowe kanthu m'kati mwake. Muli modyera, muli sitolo, muli mochapira zovala, moti munthu akhoza kutha sabata yathunthu osaponda msewu, n'kubwerera kwawo akunena kuti waiona Japan. Yomwe ndinafikiramo ine inali ya mtundu wina. Ili ku Kuramae, chakum'mawa kwa mzindawu, m'mbali mwa mtsinje wa Sumida, ndipo zipinda zake sizifika makumi awiri. Siphikira alendo chakudya chamadzulo, ilibe bafa loti munthu n'kuviikamo thupi lonse, ndipo pakhomo palibe wokulandira chikwama. Zonsezi zilipo ndithu, koma zili kwa anansi. Chakudya chili kwa mayi a pangodya, madzi otentha ali misewu itatu kuchokera pakhomo, ndipo mlendo ayenera kuvala nsapato kukazilondola. Ndinachokako nditakhutira kuti kahoteloko kanachita bwino kusakhala ndi zinthu zimenezi.

Ulendo wake ndi wotopetsa. Ndege imanyamuka ku Lilongwe masana, kukatera ku Addis Ababa usiku, ndipo ina yochokera kumeneko imayamba yaima ku Seoul isanafike ku Narita. Nthawi ya ku Japan ili patsogolo ndi maola 7, choncho thupi likamati ndi nthawi ya nkhomaliro, kunja kumakhala kutada kale. Chabwino n'chakuti sitima zina za Keisei zimachoka pabwalo la ndege n'kulowa mu njanji ya pansi pa nthaka ya Asakusa popanda kusintha, ndipo pakatha ola ndi mphindi zingapo umatsika pa Kuramae. Wopita kumeneko adziwiretu kuti masiteshoni a dzina limeneli alipo awiri, ya njanji ya Asakusa ndi ya njanji ya Oedo, ndipo salumikizana pansi. Wofuna kusintha sitima amayenera kukwera kumtunda n'kuyenda mumsewu. Unali mwezi wa Juni. Kwathu ndinasiya anthu atavala majuzi, koma kuno inali nyengo ya mvumbi imene eni ake amati tsuyu, mvula yowaza tsiku lonse, ndi chitungu chomata malaya kumsana.

Chikwangwani cha hoteloyo ndi kachitsulo kosaposa chikhatho, ndipo amene sakuifuna amangoidutsa. Nyumba yake ndi yopapatiza, ya nsanjika zisanu, yothinana pakati pa malo osindikizira mapepala ndi nyumba ya banja lina limene landandalika maluwa m'miphika pakhomo. Kale inali mosungira katundu wa opikulitsa zidole, ndipo eni ake atsopano sanabise zimenezo. Pansi ndi simenti yakale yomweyo, yopukutidwa mpaka waliwali, ndipo mizere yachikasu yosonyeza pounjika makatoni ikuonekabe. Chikepe ndi chonyamulira katundu chija, chotakata, chokwera mosafulumira. Chipinda chapansi n'chimodzi chokha, chokhala ndi tebulo lalitali la matabwa. M'mawa pamamwedwa khofi, madzulo mowa, ndipo ambiri okhala patebulopo ndi anthu a m'deralo obwera kudzacheza akaweruka.

Mtsikana amene ankapukuta makapu ndi yemwenso analandira pasipoti yanga, ndi manja awiri, n'kuijambula monga lamulo la Japan limafunira kwa mlendo aliyense wakunja. Anandiuza za msonkho wa mzinda, mayeni 100 kapena 200 pa usiku malinga ndi mtengo wa chipinda, kenaka anatulutsa pepala lopinda panayi. Anali mapu ojambula pamanja: mtsinje, milatho, ndi timadontho tofiira tambirimbiri.

"Bambo, mwayenda ulendo wautali, musapite patali usiku uno," anatero m'Chingerezi chodekha, akuloza ndi cholembera. "Apa pali ramen, amatseka mochedwa. Apa ndi posamba, koma mupiteko mawa madzulo mutapuma. Mukadzuka m'mamawa, tsikirani kumtsinje."

Ndinafunsa chifukwa chake iwo saphika okha, poti malo alipo ndipo alendo ali ndi njala.

"Tikaphika ife," anatero, "mayi a pangodya aja aphikira ndani?"

Chipinda changa chinali chaching'ono, ndipo zimenezi n'zofunika kuzinena poyera kwa aliyense amene anazolowera mabwalo. Bedi linatenga pafupifupi malo onse. Sutikesi imalowa kunsi kwa bedi, malaya amakolowekedwa pamisomali yamatabwa yapakhoma, ndipo shawa ndi chimbudzi zili kuseri kwa chitseko chokoka chammbali. Koma kalikonse m'menemo kanali kosankhidwa ndi munthu. Kiyi anali wamkuwa, womangirira kukachikopa kosokedwa pamanja ndi ulusi wokhuthala. Tiyi anali m'kachitini kosapaka utoto, kotsekeka mosalala kwambiri moti ukaika chivundikiro pamwamba chimatsetsereka chokha pang'onopang'ono mpweya ukutuluka. Pakhoma panali kapepala kofotokoza kumene chilichonse chinachokera, ndipo pafupifupi zonse zinali za m'misewu yoyandikana nayo: wosoka zikopa, wosula zitini, wopaka nsalu utoto. Ndinakhala pabedi ndikutsegula ndi kutseka kachitini kaja, ndikuganiza za munthu amene anatha zaka akuphunzira kupinda chitsulo kuti chizichita zimenezo.

Pambali pa bedi, pofikira dzanja la munthu wogona, panali tochi yolowetsedwa m'kachogwirira kake. Ukaisolola imayaka yokha. Imeneyo ndi ya chivomezi, ndipo dera lino lili ndi zifukwa zoikira tochi pamenepo. Pa 1 Sepitembala 1923, chivomezi chachikulu cha Kanto chinagwedeza Tokyo masana, anthu ali ndi moto pamafuwa. Kutsidya kwa mtsinje womwewu, pamalo amene lero ndi paki ya Yokoamicho, anthu pafupifupi 38,000 amene anathawira pabwalo ndi katundu wawo anapsa ndi kamvuluvulu wa moto. Usiku wa pa 10 Malichi 1945 ndege za America zinaponya mabomba oyatsa moto kumbali yomweyi ya mzinda, ndipo anafa anthu pafupifupi 100,000. N'chifukwa chake nyumba zambiri za kuno, ngakhale zooneka zakale, n'za pambuyo pa nkhondo. Anthu a kuno anamanganso kawiri pa phulusa, ndipo tochi ija ndinaiona ndi ulemu.

Mu Juni dzuwa la ku Tokyo limatuluka isanakwane hafu pasiti folo. Tulo tinali titandithawa kale, choncho ndinatsatira malangizo a mtsikana uja. M'mbali mwa Sumida muli njira ya oyenda pansi, kunsi kwa khoma lotchinga madzi osefukira. Kunali zii. Agogo ena ankatambasula manja ndi miyendo, ena ankayendetsa tiagalu, ndipo mabwato odyeramo usiku anali atamangidwa, nyali zawo zofiira zitazima. Milatho ya pano aliyense amaidziwa ndi mtundu wake: wa Azuma ndi wofiira, wa Komagata wobiriwira ngati thambo, wa Umaya wobiriwira ngati msipu, wa Kuramae wachikasu. Kutsidya, Tokyo Skytree, nsanja ya mamita 634 imene inatsegulidwa mu 2012, inali itabisa mutu m'mitambo.

Chikasu cha mlatho wa Kuramae n'chokumbutsa ngala za mpunga, ndipo mbiri yonse ya dera lino inayambira pa mpunga. Mu 1620, Tokyo ikutchedwa Edo, boma la banja la Tokugawa linakwirira gombe la mtsinje pano n'kumangapo nkhokwe zake, ndipo dzina la Kuramae limangonena za malo a kumaso kwa nkhokwezo. Anakumba ngalande 8 zolowa kumtunda kuti mabwato azitsitsa matumba pakhomo penipeni. Masiku amenewo msonkho unali mpunga, ndipo ankhondo a bomalo, asamurai, ambiri ankalandira malipiro awo mu mpunga katatu pachaka. Muyezo wake unali koku, pafupifupi malita 180, amene ankati ndi chakudya cha munthu mmodzi chaka chathunthu.

Koma munthu savala mpunga, ndipo sakonzera denga mpunga. Panabuka amalonda otchedwa fudasashi, amene ankapita kukamulandirira msamurai gawo lake, kuligulitsa, n'kumupatsa ndalama atachotsapo zawo. Posakhalitsa anayamba kukongoza ndalama pogwira mpunga wa chaka chamawa, monga amachitira akatapila a kwathu pogwira khadi ya kubanki ya mphunzitsi mwezi usanathe. Mu 1724 boma linavomereza gulu lawo la anthu 109, ndipo analemera mpaka kuposa mabwana awo. Asamurai anamira m'ngongole moti mu 1789 nduna yaikulu Matsudaira Sadanobu inalamula kuti ngongole zakale zifafanizidwe. Pafupi ndi mlathowu pali mwala wachikumbutso cha nkhokwe zija, ndipo anthu opita kuntchito amaudutsa pa njinga osaucheukira.

Mpunga utatha ntchito ngati ndalama, malowo sanagone. Mu 1881 panakhazikitsidwa sukulu ya ntchito zamanja imene inadzakula n'kukhala Tokyo Institute of Technology, ndipo inasamuka pano chitachitika chivomezi chija. Kuyambira 1954 mpaka 1984 bwalo lalikulu la masewera a sumo, Kuramae Kokugikan, linali pompano, n'chifukwa chake pazitsulo za m'mbali mwa mlatho pali zithunzi za omenya sumo. Ndipo mumsewu wa Edo-dori, kulowera ku Asakusabashi, munadzaza opikulitsa zidole, makombola a zikondwerero, mikanda ndi zolembera. Sitolo ya zidole zachikhalidwe ya Yoshitoku inayamba mu 1711 ndipo ikugulitsabe. Kuseri kwa masitolowa kunali timafakitale ta mabanja: odula zikopa, osoka zikwama, opinda makatoni, omanga mabuku. Katundu wotchipa wopangidwa kunja atachuluka, ambiri anatseka, ndipo nyumba zawo za madenga atali zinatsala zopanda kanthu, lendi itatsika.

Apa ndi pamene achinyamata analowera. Mu 2004 boma la dera la Taito linasandutsa sukulu ina ya pulayimale yotsekedwa kukhala Taito Designers Village, kumene oyamba kumene ntchito zosoka, zikopa ndi zokongoletsa amachita lendi kalasi pamtengo wotsika kwa zaka zochepa. Ambiri akatuluka kumeneko amatsegula timashopu m'misewu yoyandikira, chifukwa amisiri owadulira, owasokera ndi owasindikizira ali pomwepo. Mu 2012 nyumba ina yosungira zidole inasanduka malo ogona otchedwa Nui, okhala ndi bala pansi, ndipo alendo akunja anayamba kutsika pa siteshoni imene kale ankangoidutsa popita ku kachisi wa Sensoji ku Asakusa. Lero magazini amatama Kuramae chifukwa cha khofi ndi achinyamata ovala bwino ojambulana pamakomo. Khofiyo ndi wabwino, sinditsutsa. Koma chimene chinakoka onsewa ndi manja a nkhalamba zimene zinalipo kale.

Ndinaziona bwino zimenezi ku Kakimori, sitolo ya zolembera imene inatsegulidwa kuno mu 2010. Khoma lonse ndi timashelefu. Umatenga thireyi, n'kusankha chikuto chakumaso ndi chakumbuyo, cha chikopa, cha nsalu kapena cha pepala lolimba. Kenaka umasankha mapepala a m'kati, ndipo pali tebulo loyeserapo, kuti uone mmene pepala lililonse limamwera inki. Lina limaterera, lina limagwira nsonga ya cholembera pang'ono, lina n'lopyapyala moti mawu amaonekera kuseri. Ukasankha waya womangira ndi chotsekera, mnyamata wa pakauntala amaboola mapepalawo ndi makina a pamanja, kulowetsa waya, kukanikiza, kukhomera batani ndi kahamala, n'kukupatsa kope lako. Mapepala akadzatha umabwera nalo, amachotsa olembedwawo n'kuikamo ena pachikuto chomwecho. Zambiri mwa zikuto ndi mapepalazo zimadulidwa ndi kusindikizidwa m'timafakitale ta m'derali. Ndinagula limodzi, lodula kuposa kope lililonse limene ndinagulapo, ndipo sindinadandaule, chifukwa ndinkadziwa kuti ndalamayo igawika m'makomo angapo.

Chapafupi pali Dandelion Chocolate, ya ku San Francisco, imene inatsegula fakitale yake kuno mu 2016. Fungo la koko wokazinga limakupeza usanafike pakhomo. Pakati pa mitundu yake pali wina wa koko wochokera kuchigwa cha Kilombero ku Tanzania, dzina limene ife timalidziwira pa mpunga wonunkhira wa ku Karonga. Ndinalawa, ndinayamikira, ndinapitirira.

Munthu wa ku Malawi sangayende m'misewu imeneyi osamwetulira ndi magalimoto. Probox ya woperekera mapepala, Hiace ya omanga, Sienta ya mayi wotenga ana kusukulu: onse ndi odziwika nkhope, oyenda kumanzere ngati kwathu, koma akadali pakwawo, opanda chibonthoko ngakhale chimodzi. Lamulo la kuno limafuna kuti galimoto ya munthu ikapimidwe ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimitsako n'kodula, choncho ambiri amagulitsa ikadali ndi moyo. Ina mwa imene ndinaiona itaima pangodya idzatsika padoko la Dar es Salaam tsiku lina n'kudzalowera pa Songwe.

Kumene mtima wanga unatsalira ndi ku Torigoe, kuyenda pang'ono kulowera kumadzulo. Kagawo kameneka moto wa 1945 unakalambalala, ndipo kukadali nyumba za masitolo zokutidwa kumaso ndi mkuwa umene wasanduka wobiriwira ndi zaka. Pali kamsewu kotchedwa Okazu Yokocho, ka ogulitsa ndiwo zophikaphika. Kanakula chifukwa m'timafakitale tija ankagwira ntchito ndi bambo ndi mayi omwe, kuyambira m'mawa mpaka usiku, moti kunyumba ankangophika mpunga, ndiwo n'kukagula. Lero zitseko zambiri zachitsulo n'zotsitsa. Mwa zotsegula, ndinalowa mwa gogo wina wamkazi wowerama msana, amene anali ndi mbale zikuluzikulu kuseri kwa galasi: nyemba zophika ndi shuga, tinsomba ting'onoting'ono tophika mu msuzi wa soya mpaka kuda, maungu, mizu ya gobo yodula mopyapyala. Chingerezi sankachidziwa, ine Chijapani ndinali ndi moni yekha. Ndinkaloza, iwo n'kumatapa ndi chipande, kuika pasikelo, kundiyang'ana ngati zakwana. Pomaliza anawonjezera chidutswa cha dzungu osachiyeza, anakulunga zonse m'pepala n'kumanga ndi mphira, ndipo analemba mtengo pakapepala kuti ndiwerenge. Chenji anandibwezera chonse mpaka kakobiri komaliza. Kuno kusiya ndalama yapamwamba kulibe, ndipo ukaisiya amakuthamangira nayo.

Ndinakadyera ndiwozo patebulo lalitali la kuhotelo, ndi mpunga wogula mu sitolo ya usiku wonse. Mnyamata wa pabala anandibweretsera mbale ndi timitengo todyera osafunsa kanthu, ndipo atayang'ana pepala lokulungira anadziwa kumene ndagula. Anati agogowo amawadziwa, ndipo amuna awo anali odula zikopa.

Madzulo ena ndinatenga kathawulo ndi sopo m'kabasiketi kamene hoteloyo imabwereketsa, ndi kupita ku sento, nyumba yosambira ya anthu onse. Nsapato zimatsala pakhomo, m'kabokosi kotsekera ndi kiyi wathabwa. Mtengo unali mayeni 550, ndipo ndi womwewo mu Tokyo monse, chifukwa malire ake amaika ndi boma, potsatira lamulo la 1946 limene linaona kusamba ngati chosowa cha munthu aliyense. Amuna amalowa kwawo, akazi kwawo. M'kati umavula zonse, n'kukhala pakampando kafupi kutsogolo kwa mpopi, ndi kusamba mofatsa mpaka thovu lonse litachoka. Ukatero m'pamene umalowa m'dziwe, ndipo thawulo silikhudza madzi, umalipinda n'kuliika pamutu. Madziwo amatentha madigiri 42 kapena kuposa. Miyendo imayamba yakana, kenaka thupi limagonja, ndipo kutopa kwa m'ndege kumasungunuka kuchoka m'mapewa. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha phiri la Fuji chopaka ndi utoto.

M'dziwemo munali madala awiri, mnyamata wojambulidwa thupi lonse, ndi bambo wina ndi kamwana kake. Anandiyang'ana kamodzi, monga munthu aliyense angayang'anire mlendo wakuda m'bafa la m'dera lake, ndipo ataona kuti ndasamba bwino ndisanalowe anandisendera malo. Mmodzi wa madalawo, mapewa ake ali ndi zotupa ziwiri zolimba, anafunsa kumene ndachokera. Nditatchula Malawi anagwedeza mutu mokondwa, n'kunena mawu amodzi amene tonse tinkawadziwa: JICA, bungwe la ku Japan lotumiza ongodzipereka. Ndi manja ndi Chingerezi chodukaduka anandifotokozera kuti mwana wa mlongo wake anakaphunzitsako masamu. Sizodabwitsa kwenikweni. Achinyamata ongodzipereka a ku Japan akhala akubwera ku Malawi kuyambira 1971, ndipo palibe dziko lina limene lalandira ochuluka kuposa lathu. Titatuluka anandigulira botolo la mkaka wozizira, tinamwa chiimire, ndipo anandiuza kuti ndisachoke ndisanaone Lamlungu.

Mu 1968 mu Tokyo munali nyumba zosambira zotere zoposa 2,600. Lero sizifika 500, chifukwa pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi bafa lake ndipo eni sento akukalamba. Hotelo ikapatsa mlendo kabasiketi m'malo momumangira bafa, sento imapeza ndalama zimene sizikanabwera. Ndi zochepa, koma malo ngati amenewa amakhala kapena kufa ndi zochepa zomwezo.

Lamlungu linali la chikondwerero cha kachisi wa Torigoe, chimene chimachitika mu Juni chaka chilichonse. Kachisi wamng'ono wonyamula pamapewa, amene amati mikoshi, amatuluka m'mamawa n'kuzungulira dera lonse, ndipo wa kuno amatchuka kuti ndi mmodzi mwa olemera kwambiri mu Tokyo, pafupifupi matani anayi. Popeza misewu ndi yopapatiza, mitengo yonyamulira ndi yaifupi, choncho onyamula amachepa ndipo aliyense amasenza zambiri. Apo ndinamvetsa zotupa za pamapewa a mdala uja. Mudzi uliwonse, ngati tingautche choncho, uli ndi malaya ake a chizindikiro kumsana, ndipo umanyamula m'gawo lake n'kupatsira unzake pamalire. Popatsiranapo pamakhala kukankhana koopsa, akuluakulu akukalipa, wina akuomba timatabwa tiwiri kuti onse atsitse pamodzi. Kutada anamangirira nyali zamapepala kuzungulira kachisiyo, ndipo ankabwera akundenguma pamwamba pa mitu ya anthu, golide akuphethira, mapazi mazanamazana akuponda kamodzi. Pakati pa onyamula ndinaona mnyamata wa pabala uja, nkhope ili psuu, thukuta lili kamukamu, atapanikizika pakati pa madala awiri.

Pangodya ina panali chikwangwani chachitali chomatapo timapepala toyera, kalikonse kali ndi dzina la amene wasonkha ndalama za chikondwerero. Mtsikana wa kuhotelo, amene ankagawa tiyi wozizira kwa onyamula, anandilozera dzina la hotelo yawo. Linali m'munsi, pakati pa la wogulitsa tofu ndi la wosindikiza mapepala, lolembedwa kukula kofanana ndi ena onse.

Sindikufuna kujambula zonse ngati zokoma. Kahotelo kotere sikotchipa, ndipo kwa munthu wolandira makwacha usiku umodzi ndi ndalama yoti uyambe waiganizira. Pali malo ogona a anthu apantchito, aukhondo, a zipinda zofanana zonse, amene mtengo wake ndi wotsikirapo. Komanso kutchuka kwa Kuramae kuli ndi mano. Mu 2024 ku Japan kunafika alendo akunja pafupifupi 36.9 miliyoni, kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo, ndipo malo akakwera mtengo mwini kafakitale amene ana ake sakufuna ntchitoyo amagulitsa. Anthu 29 mwa 100 alionse m'dzikomo ali ndi zaka 65 kapena kuposa. M'misewu ingapo ndinaona mipata pakati pa nyumba, pamene panali shopu pakuikidwa maziko a nyumba zazitali zogonamo. Ndinaonanso hotelo zina zatsopano zimene zatengera maonekedwe okha, simenti yosapaka ndi mababu olendewera, koma pakhomo pali makina olembetsera ndipo simupezeka munthu wodziwa dzina la mnansi. Zimenezo zimadya mbiri ya dera osabwezapo kanthu. Mlendo ndi mame, amakamuka dzuwa likakwera, ndipo otsala ndi lendi yokwera ndi agogo a ku Okazu Yokocho.

Choncho muyezo wanga wa kahotelo kabwino ndi uwu: ndalama ya mlendo ikalowa pakhomo, imatulukanso kupita mumsewu kapena imathera pomwepo? Kumene ndinagona ine inkatuluka. Inapita kwa wosoka chikopa cha kiyi, kwa wosula kachitini, kwa mwini sento, kwa mayi a ramen amene tsiku lotsatira anandizindikira n'kundiwonjezera dzira, ndi pachikwangwani cha chikondwerero. Chipinda chinali chothina, makoma ankadutsa mawu a oyandikana nawo, ndipo shawa inali yongokwana kutembenuka. Ndikadapitanso ndikadafikira pomwepo.

Inu amene mudzapite ku Tokyo, kaya ndi maphunziro, msonkhano kapena malonda a magalimoto, mwina adzakuikani ku Shinjuku kapena ku Shinagawa, m'nyumba zagalasi. Mukamaliza zimene mwapitira, dzipatuleni usiku ungapo mutsikire kumtsinje. Posankha pogona, funsani ngati ali ndi mapu awoawo a dera ndiponso ngati amatumiza alendo ku sento. Nyamulani ndalama zapamanja, chifukwa timashopu tambiri ta achikulire sitilandira khadi, ndipo sungani kathumba ka zinyalala m'chikwama, poti m'misewu mulibe motaya. Khofi mudzamwa, sasowa. Koma yambani mwapita ku Okazu Yokocho mukagule ndiwo kwa agogo aja zitseko zawo zikadali zotsegula.